Dera lomwe amuna ankafa asanamere imvi

Sabata ino ndikutengerani kutali ndithu, kumpoto kwa Ulaya, ku dziko la Finland. Nkhani yake ndi ya batala, mchere ndi fodya.

Pa 12 Januwale 1971, m'tauni ya Joensuu, akuluakulu a chigawo cha North Karelia anasainira chikalata chopita ku boma ku Helsinki. Wotsogolera anali bwanamkubwa wa chigawocho, Esa Timonen, ndipo pambuyo pake panali aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi atsogoleri a mabungwe osiyanasiyana. Inu mukamva zoti anthu akapereka chikalata ku boma mumaganiza za msewu, mlatho, feteleza kapena malipiro. Awa sanapemphe zimenezo ayi. Anapempha kuti boma lichitepo kanthu msanga chifukwa amuna a m'chigawo chawo ankatha ndi matenda a mtima.

Kuti mumvetse, muyambe mwalidziwa deralo. North Karelia ili kum'mawa kwa Finland, kumalire ndi Russia, amene nthawi imeneyo anali Soviet Union. Ndi dziko la nkhalango ndi nyanja, lozizira miyezi yambiri pachaka. Anthu ake anali pafupifupi 180,000, kutanthauza kuti mzinda wa Mzuzu lero uli ndi anthu ambiri kuposa chigawo chonsecho. Pakati pa 1939 ndi 1944 Finland inamenyana ndi Soviet Union kawiri, ndipo inalandidwa mbali yaikulu ya Karelia. Anthu oposa 400,000 anasamuka kusiya midzi yawo. Nkhondo itatha, boma linagawira malo anthu osamukawo pamodzi ndi asilikali obwera kunkhondo. Kum'mawako nthaka siinali yoti n'kulimapo mbewu zambiri, koma udzu unkamera. Ndiye munthu ankagwetsa mitengo, kutsegula munda, kugula ng'ombe zingapo za mkaka, basi moyo wayamba. Nyengo yozizira ikafika, mwamuna ankalowa m'nkhalango kukadula mitengo ya makampani a matabwa ndi mapepala.

Tsono taonani mbale yake. Buledi wopaka batala wochindikala. Mkaka wosachotsa mafuta. Nyama ya nkhumba yonona, masoseji, nsomba zothira mchere wambiri kuti zisaonongeke. Masamba? Amuna ambiri ankati chimenecho ndi chakudya cha ziweto. Pamwamba pa zonsezi panali ndudu, imene ambiri anaizolowera kunkhondo, chifukwa asilikali ankapatsidwa fodya ngati gawo la phoso lawo. Musafulumire kuwaseka anthuwa. Anali ataona njala ndi kugawana chakudya moyeza pa nthawi ya nkhondo, ndiye batala patebulo chinali chizindikiro choti umphawi wayamba kuchoka pakhomo. Si mmenenso ife timayamikirira munthu akabwera kuchokera kutauni atatulutsa mimba, n'kumati zikumuyendera?

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi choti amene ankafawo sanali mabwana a mu ofesi. Anali anthu a nkhwangwa ndi sowo, ogwira ntchito ya thukuta m'chisanu kuyambira m'mawa mpaka mdima, matupi olimba ngati mwala. Koma munthu wa zaka 45 ankangogwira pachifuwa ali kunkhalango, kugwa, basi nkhani yatha. M'midzi munadzaza akazi amasiye achichepere ndi ana osadziwa nkhope ya agogo aamuna. Zinafika poti anthu anangozitenga kuti ndi mmene moyo ulili. Ndiye amene mumati kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima ndi za anthu olemera okha, nkhani iyi muisunge.

Asayansi anali atayamba kale kuona vutoli. Dokotala wa ku Finland, Martti Karvonen, anagwirizana ndi Ancel Keys wa ku America pa kafukufuku wamkulu amene anayamba mu 1958, woyerekeza amuna a m'maiko 7: America, Finland, Netherlands, Italy, Yugoslavia, Greece ndi Japan. Zotsatira zitatuluka mu 1970, amuna a kum'mawa kwa Finland ndi amene anali patsogolo pa onse pa imfa za mtima, ndipo ndi amenenso anali ndi kolesterol wambiri, aja mafuta amene amaunjikana m'mitsempha ya magazi mpaka kutseka njira. Manyuzipepala atalemba, anthu a ku North Karelia anadziwa kuti maliro awo si chilengedwe, popeza kwina amuna a msinkhu womwewo sakufa chotere. Chikalata cha 1971 chija chinachokera pamenepo.

Boma linavomera, ndipo mu 1972 ntchito yotchedwa North Karelia Project inayamba, mothandizana ndi bungwe loona za matenda a mtima la dzikolo komanso bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Kuti aitsogolere anasankha dokotala wachinyamata, Pekka Puska, amene anali asanakwanitse n'komwe zaka 30. Kuwonjezera pa udokotala, mnyamatayu anali ataphunziranso za ndale ndi kayendetsedwe ka anthu, ndipo ine ndimaona kuti maphunziro achiwiriwa ndi amene anamuthandiza kwambiri kuposa oyambawo. Madokotala ena akuluakulu sanakondwe nazo. Iwo ankati umboni woti kusintha chakudya kungachepetse imfa unali usanakwane, ndipo n'kulakwa kuyesera pa chigawo chathunthu.

Maganizo a gulu la Puska anali osavuta kumva koma achilendo pa nthawiyo. Chizolowezi cha chipatala ndi kudikira wodwala, kapena kufufuza anthu ochepa amene ali pachiopsezo chachikulu n'kuwapatsa mankhwala ndi uphungu. Koma nanga ngati pafupifupi mudzi wonse uli pachiopsezo? Atayeza anthu mu 1972 anapeza kuti amuna oposa theka ankasuta, pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse ankapaka batala pa buledi, ndipo kolesterol amene kwawoko ankaoneka ngati wabwinobwino akanakhala wodetsa nkhawa ku Japan. Pamenepo mungasankhe ndani n'kusiya ndani? Patapita zaka, mu 1985, katswiri wa ku Britain, Geoffrey Rose, anafotokoza bwino mfundo yomweyi. Iye anati pali mafunso awiri osiyana: loyamba ndi loti chifukwa chiyani munthu uyu wadwala pamene mnzake sanadwale, lachiwiri ndi loti chifukwa chiyani matendawa ali ponseponse m'dera ili pamene m'dera lina mulibe. Funso loyamba limayankhidwa m'chipinda cha dokotala. Lachiwiri limayankhidwa kumsika, kukhitchini, kufakitale ndi ku Nyumba ya Malamulo. Chitsime chikaipa simuimika anthu pamzere n'kumawalangiza mmodzimmodzi za kamwedwe ka madzi.

Ndiye anayambira pati? Kukhitchini. Ku Finland kuli bungwe lakale la amayi lotchedwa Martta, limene linayamba mu 1899, ndipo linali ndi nthambi pafupifupi m'mudzi uliwonse. Amayi amenewa ndi amene anasenza ntchitoyi. Ankakonza maphwando a madzulo m'masukulu ndi m'maholo a m'midzi, amene ankawatcha maphwando a moyo wautali. Munthu wa zaumoyo ankalankhula mwachidule, kenaka amayi n'kupakula chakudya chomwe chija cha makolo, koma chophikidwa mwina: mafuta a nkhumba achepa, mchere wachepa, masamba alowa. Abambo ankaitanidwa kuti adzalawe okha. Mwaonatu nzeru zake. Sanauze munthu kuti taya chakudya cha makolo ako, anangosintha zolowa mumphika. Ndipo amayiwo sankafunika kuwanyengerera, poti ndi iwo amene ankatsala ndi ana amuna akapita.

Anamwino nawo anapatsidwa ntchito yatsopano. Anatsegula kaundula wa anthu onse opezeka ndi kuthamanga kwa magazi, n'kumawaitana nthawi ndi nthawi kudzayezedwa ndi kuonetsetsa kuti akumwa mankhwala. M'midzi anafufuza anthu amene anzawo amawamvera, osati a maudindo okha, koma aja oti akalankhula pa sitolo anthu amatchera khutu. Anawaphunzitsa mazanamazana kuti nkhani ya fodya ndi mafuta izilowa m'macheza wamba. Kenaka gulu la Puska linayamba kugogoda pa zitseko za ophika buledi, opanga masoseji ndi mafakitale a mkaka, kupempha kuti achepetse mchere ndi mafuta pang'onopang'ono, ndiponso kuti mkaka wochotsa mafuta uzipezeka m'sitolo. Munthu wogula buledi amene mchere wake wachepetsedwa kale safunika kulimba mtima kulikonse. Amangodya.

Mu 1977 ntchitoyi inafalikira dziko lonse. Kuyambira 1978, pa wailesi ya kanema pankaonetsedwa mapologalamu amene gulu la anthu osuta linkayesa kusiya fodya dziko lonse likuonerera, sabata ndi sabata, ena akupambana ena akugwa. Koma chida chachikulu chinali lamulo. Mu 1976 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la fodya limene linaletsa kutsatsa malonda a fodya, linaletsa kugulitsa ndudu kwa ana osafika zaka 16, linalamula kuti pa paketi pakhale chenjezo, ndipo linapatula kagawo ka msonkho wa fodya kuti kazigwira ntchito yolimbana ndi kusuta komweko. Mu 1995 kusuta kunaletsedwa m'malo antchito ndipo zaka zogulira zinakwera kufika 18. Mu 2007 utsi unatulutsidwa m'malo odyera ndi omwera. Pa mchere, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera lamulo loti chakudya cha mchere wopitirira muyezo, monga buledi kapena soseji, chizilembedwa poyera kuti chili ndi mchere wambiri. Makampani ambiri, poopa chizindikiro chimenecho, anangochepetsa mcherewo okha. Komanso poti ana a sukulu ku Finland amadya chakudya chaulere chamasana kuyambira 1948, boma linali ndi mphika wake womwe likanatha kuthiramo masamba popanda kupempha chilolezo kwa kholo lililonse.

Tsopano tifike povuta, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Batala amene ankatseka mitsempha ya anthuwa sankachokera kunja. Ankachokera m'khola mwawo momwe. Mlimi wa ku North Karelia ankalipira ngongole ya munda ndi kuveka ana ndi ndalama za mkaka, ndipo fakitale inkamulipira potengera kuchuluka kwa mafuta mumkakamo: mkaka wonona kwambiri, ndalamanso zambiri. Boma lomwelo limene unduna wake wa zaumoyo unkati chepetsani batala, kudzera ku mbali ya zaulimi linkathandizira mtengo wa batala kuti anthu azigula. Dzanja lamanja kumanga, lamanzere kugumula. Ndiye tangoganizani kadokotala kachinyamata kaima pamaso pa alimi n'kumawauza kuti chimene mumagulitsachi ndi chimene chikukuphani. Ena ankamuona ngati mdani wa chigawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mkangano unafika m'manyuzipepala, a makampani a mkaka akulipira masamba athunthu otsutsa zoti mafuta a mkaka amaononga mtima. Chodabwitsa n'choti phokosolo linangochititsa anthu ambiri kufuna kuyezetsa kolesterol wawo.

Gulu la Puska linazindikira kuti mlimi sungamulande ng'ombe n'kumusiya manja lende. M'zaka za m'ma 1980 anayambitsa ntchito yolimbikitsa ulimi wa tizipatso timene timachita bwino kozizira, monga masitiroberi ndi tina tangati mabulosi, pamodzi ndi ndiwo zamasamba, kuti mlimi akhale ndi pena pogwira. Anapezanso mbewu ya mafuta yopirira chisanu, ya mtundu umodzi ndi repu ndi mpiru amene ife timathyola masamba ake n'kudyera nsima, koma iwo amafinya njere zake. Izi zinathandiza kwambiri pa ndale za nkhaniyi, chifukwa mafuta ophikira sanalinso katundu wa alendo wodzapha mlimi wa m'dzikomo, anali mbewu ya mlimi mnzake. Malamulo anasinthidwa kuti batala azitha kusakanizidwa ndi mafuta a mbewu, ndipo kalipiridwe ka mkaka kanasiya kudalira mafuta okha n'kuyamba kuyang'ana kwambiri mapuloteni. Koma tisanamizane kuti tizipatso tinalowa m'malo mwa ng'ombe. Alimi ang'onoang'ono ambiri anangosiya ulimi n'kupita kutauni, poti dzikolo linkatukuka ndipo ntchito zina zinalipo. Finland mpaka lero ndi dziko la anthu okonda mkaka, kungoti wambiri ndi wochotsa mafuta.

Nanga zinathandiza? Pakati pa 1972 ndi 2014, imfa za matenda a mitsempha ya mtima pakati pa amuna a zaka 35 mpaka 64 ku North Karelia zinatsika ndi pafupifupi 84 peresenti. Kunena kwina, pamene pankagona maliro 100, tsopano pakugona 16. Dziko lonse la Finland linatsikanso pafupifupi chimodzimodzi. Opaka batala pa buledi, amene anali 9 mwa 10, pofika zaka za m'ma 2000 sankafika ngakhale mmodzi mwa 10. Ofufuza atawerengetsa anapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutsikaku anabwera chifukwa cha zinthu zitatu zokha: kolesterol, kuthamanga kwa magazi ndi fodya. Gawo lotsalalo ndi la mankhwala atsopano ndi maopaleshoni.

Pali mtsutso umene simuyenera kubisiridwa. Poyamba ntchitoyi anasankha chigawo choyandikana nacho cha Kuopio kuti chikhale choyerekezera, kumene sankachitako kalikonse. Koma m'zaka zoyambirira imfa zinatsika konsekonse, ndipo kusiyana kwake sikunali koonekera bwino. Mmodzi mwa ofufuza a ntchito yomweyo, Jukka Salonen, analemba mu 1987 m'magazini ya madokotala ya The Lancet kukayikira ngati kutsika kwa imfa kunabweradi chifukwa cha ntchitoyi. Ku America anayesa njira zofanana m'matauni a ku California, Minnesota ndi Rhode Island, koma phindu lake linali lochepa. A mbali ya Puska amayankha kuti uthenga sudziwa malire a chigawo: anthu a ku Kuopio ankawerenga nyuzipepala zomwezo, ndipo kuyambira 1977 dziko lonse linali litalowa m'bwalo. Ine kuona kwanga, mtsutsowu ukutiuza chinthu chofunika kuposa kudziwa wopambana. Misonkhano ya m'midzi ndi mapepala okhoma pa makoma, pazokha, sizikanagwetsa imfa chotere. Ntchito yake inali kufewetsa nthaka kuti lamulo la fodya, chizindikiro cha mchere ndi kusintha kwa mitengo ya mkaka zitheke popanda anthu kuukira. Ndipo zimenezo zitachitika zinafikira aliyense, wa ku Joensuu ndi wa ku Kuopio yemwe, wobwera kumsonkhano ndi wokhala kunyumba.

Puska uja anadzakagwira ntchito ku likulu la WHO ku Geneva kuyambira 2001 mpaka 2003 monga mkulu woona za kupewa matenda osapatsirana. Inali nthawi yomwe maiko ankamaliza kukambirana pangano lalikulu lochepetsa kusuta fodya, limene linavomerezedwa mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji, chifukwa dziko la Malawi linakhala kunja kwa panganoli zaka 20, mpaka linalowamo mu 2023. Chifukwa chake nonse mukuchidziwa. Kwa zaka zambiri fodya ndiye wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja, ndipo amene munakula pafupi ndi zigafa ku Kasungu, Dowa, Mchinji kapena Rumphi mukudziwa kuti fizi inkachokera ku okushoni. Mlimi wa fodya ali pamalo pamene panali mlimi wa batala uja, kungoti wathuyu alibe boma lolemera lomugwira dzanja, ndiponso alibe fakitale yomudikira kutauni. Amene amati alimi angosintha n'kuyamba soya kapena mtedza ayambe wayankha funso limene a ku Finland analiyankha: adzagula ndani, pa mtengo wanji?

Ndipo matendawo ali kale pakhomo. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kumudzi ndi kutauni komwe, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Batala wathu si batala ayi. Ndi mchere umene timawaza pa ndiwo tisanalawe n'komwe, pamene WHO imati munthu asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Ndi masupuni a shuga mu tiyi, mafuta a pachiwaya obwerezabwereza, ndi mowa wotchipa. Njira ya lamulo nayonso si yachilendo kwa ife. Mchere wa m'sitolo uli ndi ayodini ndipo shuga ali ndi vitamini A osati chifukwa choti alangizi anayenda khomo ndi khomo kunyengerera anthu, koma chifukwa boma linalamula opanga ndi oitanitsa katunduyo. Anzathu a ku South Africa anagwiritsa ntchito khomo lomwelo pa matenda osapatsirana: kuyambira 2016 lamulo limaika malire a mchere mu buledi, masupu a m'mapaketi ndi zakudya zina, ndipo mu 2018 anaika msonkho pa zakumwa zotsekemera.

Ku North Karelia ntchito ija inatsekedwa mu 1997, itakwanitsa zaka 25, koma kuyeza anthu zaka zisanu zilizonse kunapitirira. Cha m'ma 2010 kunabwera fashoni yopewa buledi ndi mbatata n'kumadya mafuta ambiri pofuna kuchepetsa thupi, ndipo batala anabwereranso patebulo. Kuyeza kwa mu 2012 kunaonetsa kuti kolesterol wa anthu wayambanso kukwera. Akatswiri anabwerera m'manyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo poyezanso mu 2017 anapeza kuti watsika. Pa fodya, lamulo la 2010 linalemba poyera kuti cholinga cha dziko sikungochepetsa kusuta koma kuthetseratu, ndipo chaka chimene anadziikira tsopano ndi 2030.